Mafunso Anu: Ndani Amagaya Nyemba, Gaga ndi Mkute M'mimba Mwathu?

Makalata asanu a mwezi uno achokera kwa anthu osadziwana, koma onse akukhudza chakudya chimene thupi la munthu silitha kugaya palokha, ndiponso tizamoyo ta m'matumbo aakulu timene timamaliza ntchitoyo.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina m'boma la Dedza. Ophunzira anga a Fomu 3 anandifunsa kuti, popeza sitachi wa mu nsima ndi selulozi wa m'makoko a chimanga onse ndi opangidwa ndi shuga mmodzi yemweyo wotchedwa gulukosi, n'chifukwa chiyani timagaya woyambayo koma winayo ayi? Buku lathu limangoti tilibe enzaimu yake. Kodi enzaimu imadula bwanji shuga kwenikweni?

YANKHO: Aphunzitsi, ana anuwo afunsa funso limene akatswiri anakhala nalo zaka zambiri, ndipo yankho lake lagona pa mfundo yolumikiza gulukosi mmodzi ndi mnzake. Taganizirani mikanda yofanana yotungidwa m'njira ziwiri. Mu sitachi, mfundo iliyonse ndi ya mtundu wotchedwa alpha-1,4, ndipo imachititsa kuti mkandawo uzipindika ngati nkhata, n'kusiya mipata yoti madzi ndi enzaimu, puloteni yodula mfundo zotere, zilowepo. Mu selulozi mfundo ndi ya beta-1,4, ndipo gulukosi aliyense amakhala chozondoka poyerekeza ndi mnzake woyandikana naye. Zotsatira zake n'zakuti mkanda wa selulozi umakhala wowongoka ndi wophwatalala, ndipo mikanda yambiri imagona pamodzi mothithikana n'kugwirana mwamphamvu, mpaka madzi enieniwo amalephera kulowa pakati pake. Kusiyana kwa nsima ndi thonje kwagona pamenepa, pakuti ulusi wa thonje ndi selulozi pafupifupi yekhayekha.

Mfundo zimenezi n'zolimba modabwitsa. Richard Wolfenden wa ku University of North Carolina anayeza liwiro limene zimaduka nalo zikangosiyidwa m'madzi popanda enzaimu, ndipo anapeza kuti pangapite zaka pafupifupi 5 miliyoni kuti theka la mfundozo liduke. Enzaimu imadula mfundo yomweyo sekondi imodzi isanathe.

Musanapite kutali ndi bolodi, ndikupempheni kuti muwaonetse ana anuwo ntchito ya chimera. Mayi wokonza thobwa amaphika phala lolimba ndithu, amaliphula, amadikira kuti lizizireko, kenako amawazamo ufa wa chimera cha mawere kapena cha mapira n'kutakasa. Posapita nthawi phala lija limasungunuka, mthiko umayamba kuyenda mosavuta, ndipo mukalawa mumamva kutsekemera kumene kunalibe poyamba. Chimera chili ndi maenzaimu odula sitachi otchedwa amilezi, amene mbewu inapanga pomera. Mayiyo amadikira kuti phala lizizireko chifukwa enzaimu ndi puloteni yopindidwa mwa dongosolo lake, ndipo kutentha kwambiri kumaipindula n'kuiwononga, monga momwe dzira limasinthira likagwera mu mafuta otentha.

Mpindidwe umenewu ndiye mwini nkhani. Amilezi wa m'malovu athu, wa m'kapamba, wa m'chimera ndi wa mabakiteriya ambiri a m'matumbo ali m'banja limodzi lotchedwa GH13 (GH ndi chidule cha dzina la maenzaimu odula mfundo za shuga), ndipo thunthu lake limaoneka ngati nkhokwe: nsichi 8 zoima mozungulira m'kati, ndi zingwe 8 zopotana zozikuta kunja. Pamwamba pa nkhokweyo pali ngalande momwe mkanda wa sitachi umagona, ndipo m'ngalandemo muli timalo totsatizana, kalikonse kokwana gulukosi mmodzi. Akatswiri amatchula timaloti ndi manambala, -2, -1, +1, +2, ndipo kudula kumachitika pakati pa -1 ndi +1. Pansi pa ngalandeyo pamakhala tizigawo tophwatalala ta puloteni totchedwa tryptophan ndi tyrosine, tomwe shuga amagonapo ngati mbale pa mbale inzake. Ngalandeyo ndi yokhota mofanana ndi mkhotedwe wa sitachi. Selulozi, pokhala wowongoka, sangagonemo, ndipo ngakhale atagonamo mfundo yake ikanayang'ana kumbali kosiyana ndi kumene kuli zodulira. Mawu akuti "tilibe enzaimu yake" akutanthauza zimenezi.

Gideon Davies ndi Bernard Henrissat anaonetsa mu 1995 kuti malo odulira a maenzaimu amenewa ali m'maonekedwe atatu. Ena ali ngati ngalande, ndipo amadula mkanda paliponse pakati, n'chifukwa chake phala limasungunuka msanga. Ena ali ngati mphako, momwe mumangokwana nsonga ya mkanda, ndipo amabudula shuga mmodzi kapena awiri kuchokera kumapeto. Amenewa ndi amene amawonjezera kutsekemera. Ena ali ngati una wa mbewa, ndipo mkanda umalowa mbali ino n'kumadulidwa pang'onopang'ono enzaimu isanautaye.

Za kadulidwe kenikeniko, amene anakalongosola ndi Daniel Koshland mu 1953, pa nthawi imene munthu anali asanaone n'komwe maonekedwe a enzaimu iliyonse, pakuti enzaimu yoyamba kujambulidwa atomu ndi atomu inali lysozyme, ndipo David Phillips ndi anzake anaijambula ku London mu 1965. Koshland anati njira zilipo ziwiri, ndipo pafupifupi nthawi zonse ntchito imagwiridwa ndi tizigawo tiwiri ta asidi, aspartate kapena glutamate, toima mbali ino ndi mbali inayo ya mfundo. M'njira yoyamba, tiasidi tiwirito timatalikirana pafupifupi maangstrom 5.5, ndipo angstrom imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 10 miliyoni a milimita. Enzaimu imayamba yapinda gulukosi amene ali pa -1, kumuchotsa pa kakhalidwe kake komasuka kuti mfundo ikhale pokoka. Kenako asidi woyamba amapereka haidrojeni kwa okosijeni wa pa mfundo, pamene asidi wachiwiri amagwira kaboni woyamba wa gulukosiyo kuchokera kumbali inayo. Mfundo imaduka, chidutswa chimodzi cha mkanda chimachoka, koma chinacho chimatsala cholumikizidwa ku enzaimu kwa kanthawi kochepa kwambiri. Pamalo pamene pachoka chidutswa pamalowa madzi. Asidi woyamba uja amalanda haidrojeni ku madziwo, chotsala cha madzi chimagwira kaboni uja, shuga amamasuka, ndipo enzaimu imabwerera mwakale, yokonzeka kudula mfundo ina. Popeza kaboniyo wagwidwa kawiri, mbali ino kenako mbali inayo, shuga amatuluka ndi kayang'anidwe komwe anali nako poyamba: alpha amakhalabe alpha.

M'njira yachiwiri tiasidi timatalikirana kwambiri, nthawi zambiri pafupifupi maangstrom 10, kotero kuti shuga ndi madzi zimakwana pakati pa nthawi imodzi. Madzi amagwira kaboni mfundo ikuduka, zonse pa kamodzi, ndipo shuga amatuluka atatembenuka: alpha amasanduka beta. Chimene chimandichititsa chidwi mpaka lero n'chakuti kusiyana kwa njira ziwirizi kwagona pa mtunda wosakwana n'komwe kukula kwa gulukosi mmodzi.

Pali mankhwala a matenda a shuga otchedwa acarbose amene amatsimikizira zonsezi. Amafanana ndi kachidutswa ka sitachi kopindidwa kale, koma pa mfundo imodzi pali naitrojeni m'malo mwa okosijeni. Enzaimu imawagwira mwamphamvu n'kulephera kuwadula, sitachi wina amadutsa osagayika, ndipo shuga sakwera msanga m'magazi. Odwala ambiri amene amamwa mankhwalawa amadandaula za mpweya m'mimba, ndipo chifukwa chake chili m'funso lotsatirali.

FUNSO: Ndimaphikira ana pa sukulu ina yogonera komweko, ndipo nyemba timadya pafupifupi tsiku lililonse. Ana amadandaula kuti m'mimba mumawatupa ndipo amatulutsa mpweya kwambiri. Ena amati nyembazo zimawola m'mimba. Kodi zikuwawononga?

YANKHO: Mayi, nyembazo sizikuwawononga ana, ndipo musaleke kuwaphikira. Mu nyemba, khobwe, nandolo ndi soya muli mashuga aang'ono otchedwa rafinozi ndi sitakiyozi. Rafinozi ndi shuga yemweyu wa nzimbe amene timathira mu tiyi, koma womatidwa kashuga kena kotchedwa galakitozi. Sitakiyozi ali ndi tiwiri. Mfundo yomatira galakitoziyo ndi ya alpha-1,6, ndipo matumbo athu aang'ono alibe enzaimu yoidula. Maenzaimu onse amene thupi la munthu limapanga ogayira zakudya za gulu la shuga saposa 17, ndipo ntchito yawo imathera pa sitachi, shuga wa nzimbe, shuga wa mkaka ndi zina zochepa. Choncho rafinozi amadutsa wathunthu mpaka m'matumbo aakulu.

Kumeneko kuli mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, olemera magalamu 200 onse pamodzi, malinga ndi kuwerengera kwa akatswiri a ku Weizmann Institute ku Israel mu 2016. Ambiri mwa iwo, monga a mitundu ya Bifidobacterium ndi Bacteroides, ali ndi enzaimu yotchedwa alpha-galactosidase, ya m'mabanja a GH27 ndi GH36, imene imabudula galakitozi uja n'kusiya shuga wamba. Popeza m'matumbo aakulu mulibe okosijeni, mabakiteriyawa sawotcha shugayo mpaka kumapeto monga maselo athu amachitira. Amamusasitsa, monga zimachitikira mu mtsuko wa thobwa, ndipo pamatuluka mpweya wa haidrojeni ndi kabonidayokisaidi, komanso mwa anthu ena methane. Mipweya imeneyi ilibe fungo. Fungo limachokera ku timipweya ta salufa tochepa kwambiri, tomwe gwero lake lalikulu ndi mapuloteni.

Koma mpweya ndi gawo laling'ono la zimene zimatuluka. Zazikulu ndi maasidi atatu, acetate, propionate ndi butyrate, amene thupi limayamwa pafupifupi onse. Butyrate ndiye chakudya chachikulu cha maselo a khoma la matumbo aakulu, propionate amapita ku chiwindi, ndipo acetate amayenda m'magazi kufika m'minofu. Mwanjira imeneyi thupi limapeza gawo lina la mphamvu zake, lofika mwina 10 pa 100 iliyonse, kuchokera ku chakudya chimene likanangotaya. Kumeneku si kuwola.

Kuti ana asavutike, viikani nyemba usiku wonse, mutaye madziwo, muphikire madzi ena, pakuti mashuga amenewa amasungunuka m'madzi ndipo ena amapita ndi madzi otayidwawo. Mwana amene wangofika kumene pa sukulu amavutika kwambiri masabata oyambirira, ndipo nthawi zambiri vutolo limachepa matumbo akazolowera. Koma ngati mwana akutsekula m'mimba masiku ambiri, akuonda, kapena akuona magazi m'chimbudzi, musanamizire nyemba. Apite naye kuchipatala.

FUNSO: Ndikuphunzira ntchito ya mu labotale ya chipatala ku Blantyre. Bakiteriya ndi kachinthu kakang'ono kopanda pakamwa, pamene mkanda wa sitachi kapena wa faiba (gawo la zakudya za zomera limene thupi siligaya) ndi wautali kwambiri. Kodi amaulowetsa bwanji m'kati? Ndipo akaudulira kunja, anzake samulanda?

YANKHO: Funso lanu lachiwirilo ndi limene likulongosola chifukwa chake dongosolo lonse lili momwe lilili. Amene anatsegula njira pa nkhaniyi ndi Abigail Salyers wa ku University of Illinois, amene m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 anafufuza bakiteriya wotchedwa Bacteroides thetaiotaomicron. Iye anaona kuti bakiteriyayu sathira maenzaimu ake m'madzi omuzungulira ayi, koma amayamba wagwira sitachi pa khungu lake. Majini (malangizo a mu DNA opangira mapuloteni) oyendetsa ntchitoyi ali pamodzi motsatizana, ndipo anatchedwa Sus.

Bakiteriya wa mtundu umenewu ali ndi mipanda iwiri, wakunja ndi wam'kati, ndipo pakati pake pali bwalo. Pa mpanda wakunja pamakhala mapuloteni atatu, SusD, SusE ndi SusF, amene sadula kanthu. Ntchito yawo ndi kugwira sitachi kuti asachoke. Pambali pawo pali SusG, amilezi wa banja la GH13 lomwe lija, wadongosolo la ngalande, amene amadula mkandawo m'zidutswa zazitali ndithu, osati mpaka gulukosi mmodzimmodzi. Nicole Koropatkin ndi Thomas Smith atajambula SusG mu 2010 anapeza kuti ili ndi dzanja lapadera lotuluka pambali, lotchedwa CBM58, logwirira sitachi kutali ndi podulira. Zidutswazo zimalowa pa chipata chotchedwa SusC, chimene ndi puloteni yonga mgolo wobowoka yoboola mpanda, yokhala ndi chotsekera m'kati mwake chomwe chimasuntha pokhapokha mphamvu ikachokera ku mpanda wam'kati. Mu 2017 gulu la Bert van den Berg ku Newcastle University linajambula mapuloteni a mtundu wa SusC ndi SusD ali pamodzi, ndipo linaona kuti SusD imakhala pamwamba pa chipatacho ngati chivundikiro cha mphika chomangidwa mbali imodzi: chimatseguka, chakudya chimalowa, chimatsekeka, kenako chotsekera cham'kati chimasuntha. SusD ndi yofunika kwambiri moti ochita kafukufuku atachotsa jini yake, bakiteriyayo analephera kukula pa sitachi ngakhale kuti SusG inalipobe.

Zidutswa zikafika pa bwalo lija, kumene mnzake aliyense sangazifikire, m'pamene SusA ndi SusB zimaziphwanya mpaka gulukosi. SusG imadula m'njira yoyamba ya Koshland, pamene SusB, ya banja la GH97, imadula m'njira yachiwiri yotembenuza shuga. Pa mpanda wam'kati pali mlonda, SusR, amene akamva tizidutswa ta sitachi pa bwalo amatumiza uthenga m'kati kuti mapuloteni onsewa apangidwe ochuluka. Sitachi akatha, kupangako kumachepa.

Pamene DNA yonse ya bakiteriyayu inawerengedwa mu 2003 mu labotale ya Jeffrey Gordon ku Washington University ku St. Louis, zinadziwika kuti Sus ndi chitsanzo chimodzi chabe. Magulu a majini otere alipo 88 mwa bakiteriya mmodzi yekhayu, ndipo amatenga pafupifupi 18 pa 100 iliyonse ya DNA yake. Maenzaimu ake odula mfundo za shuga amapitirira 200, pamene ife tili ndi 17 aja. Gulu lililonse lili ndi chipata chake, chivundikiro chake, mlonda wake ndi zodulira zake, zoyenerana ndi chakudya chimodzi. N'chifukwa cha kuchuluka kumeneku kuti Henrissat anayamba mu 1991 kusanja maenzaimuwa m'mabanja potengera kufanana kwa kalukidwe kawo, ndipo kaundula wa CAZy wa ku Marseille tsopano ali ndi mabanja a GH opitirira 170.

Zodulira zimachuluka chifukwa faiba si chinthu chimodzi. Tengani gaga, amene timakonola n'kupatsa nkhuku ndi nkhumba. Faiba wake wamkulu ndi zailani, mkanda wa shuga wotchedwa zailozi, ndipo wa chimanga ali ndi nthambi zambiri zedi kuposa wa tirigu, zina zokhala ndi nthambi zakezake. Enzaimu yodula thunthu singafike pa thunthulo nthambi zisanasadzulidwe, ndipo mtundu uliwonse wa nthambi umafuna chosadzira chake. Gulu la Harry Gilbert ndi David Bolam ku Newcastle linaonetsa mu 2015 kuti Bacteroides ovatus ali ndi magulu awiri a majini a zailani, ndipo lalikululo, lokhala ndi enzaimu ya banja la GH98, ndi limene limatha kulimbana ndi zailani wa chimanga. Mu 2017 anthu a ku Newcastle komweko anafotokoza momwe B. thetaiotaomicron amaphwasulira gawo la pekitini lotchedwa RG-II, limene lili ndi mitundu 13 ya shuga yolumikizidwa ndi mitundu 21 ya mfundo; bakiteriya mmodzi yekhayo amadula 20 mwa mfundozo, motsatira dongosolo, ina ikatha ina. Pekitini ndi amene amachititsa therere lobala kunanda, ndipo ali wambiri mu ufa wa malambe. Pa pekitini pamagwiranso ntchito maenzaimu ena otchedwa lyase, amene amadula mfundo popanda kugwiritsa ntchito madzi.

Si onse amene amadya mobisa chonchi. Nsima ikagona n'kukhala mkute, mikanda ina ya sitachi imabwererana n'kuthithikana, ndipo amilezi wathu amalephera kuilowa. Sitachi wa mu nthochi yosapsa nayenso ndi wolimba chomwecho. Gulu la Harry Flint ku Rowett Institute ku Aberdeen linapeza mu 2012 kuti woyambitsa kuphwanya sitachi wotere ndi Ruminococcus bromii, amene amamanga maenzaimu ake angapo pamodzi pa khungu lake n'kukanirira pa njere ya sitachi. Iye amadula zochuluka kuposa zimene angadye, ndipo zotsalazo amadya ena, kuphatikizapo opanga butyrate. Mwa anthu ena amene analibe bakiteriyayu, sitachi wotere ankatuluka wambiri osagayika. Mabakiteriya a m'chifu cha ng'ombe, monga Ruminococcus flavefaciens, amamanga maenzaimu awo mwanjira yomweyi kuti aphwanye selulozi wa udzu, ndipo ng'ombe imawapatsa nthawi yokwanira pobzikula.

FUNSO: Ndakhala ku Johannesburg zaka 9, ndipo chakudya changa tsopano ndi buledi woyera, mpunga, nkhuku ndi zakumwa zotsekemera. Ndikabwera kumudzi n'kudya mgaiwa ndi nkhwani, m'mimba mumandivuta. Kodi tizilombo ta m'mimba mwanga tinasintha?

YANKHO: Bambo, n'kutheka ndithu kuti tinasintha, pakuti bakiteriya amene amachuluka m'matumbo ndi amene enzaimu yake ikupeza chodula. Mu 2012 magazini ya Nature inafalitsa kafukufuku wa Tanya Yatsunenko, Gordon ndi anzawo, amene anayerekeza anthu 531 ochokera m'midzi ya kuno ku Malawi, m'midzi ya m'chigawo cha Amazonas ku Venezuela, ndi m'mizinda ya ku United States. Akuluakulu a ku America ndiwo anali ndi mitundu yochepa ya mabakiteriya. A ku Malawi ndi a ku Venezuela anali ndi Prevotella wambiri, komanso majini ambiri a amilezi, zomwe zikugwirizana ndi chimanga ndi chinangwa zimene amadya tsiku ndi tsiku.

Chitsanzo china chochititsa chidwi ndi cha ku Japan. Mu 2010 Jan-Hendrik Hehemann ndi anzake ku Roscoff ku France anapeza enzaimu yodula porphyran, faiba wa ndere za m'nyanja zotchedwa nori, mwa bakiteriya wa m'nyanja wotchedwa Zobellia galactanivorans. Atafufuza kuti jini yotere ikupezekanso kuti, anaipeza mwa Bacteroides plebeius wa m'matumbo a anthu a ku Japan, koma sanaipeze mwa anthu a ku North America amene anawayeza. Bakiteriya wa m'matumbo anatenga jiniyo kwa bakiteriya wa m'nyanja, ndipo inakhazikika chifukwa eni akewo amadya nderezo kuyambira kalekale.

Chimene chimandidetsa nkhawa si vuto la m'mimba limene mukunenalo, koma zimene mabakiteriya amachita faiba akasowa kwa nthawi yaitali. Khoma la matumbo limakutidwa ndi chinyezi chonanda chimene chimaliteteza, ndipo chinyezicho nachonso ndi puloteni yokutidwa ndi mikanda ya shuga. Mu 2016 gulu la Eric Martens ku University of Michigan linaika mabakiteriya a anthu mu mbewa n'kuzimana faiba. Mabakiteriya odya chinyezi chija, monga Akkermansia muciniphila ndi Bacteroides caccae, anachuluka, chinyezicho chinapyapyala, ndipo kachilombo koyambitsa matenda kanafika msanga pa khoma n'kudwalitsa mbewazo kwambiri. Chaka chomwecho Erica ndi Justin Sonnenburg a ku Stanford anaonetsa kuti mbewa zikamanidwa faiba kwa mibadwo 4 yotsatizana, mitundu yambiri ya mabakiteriya imatheratu, ndipo sibwerera ngakhale faiba atabwezeredwa. M'mbadwo woyamba, yambiri inkabwerera. Izi ndi mbewa, osati anthu, koma n'zokwanira kuti ndikulangizeni kuti musadikire tchuthi cha kumudzi. Nyemba, mtedza, mbatata, masamba ndi ufa wosakonola zimapezeka kumene muliko, ndipo muziwonjezere pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Kunonso kwathu ambiri timaona ufa woyera ngati waulemu ndipo mgaiwa ngati wa nthawi ya njala, pamene pokonola ndi poviika mphale timataya zailani yemwe uja.

FUNSO: Ndikuyamwitsa mwana wa miyezi 4. Ndinamva pa wailesi kuti mu mkaka wa m'mawere muli shuga wina amene mwana sagaya. Nanga ali ndi ntchito yanji?

YANKHO: Mayi, munamva zoona. Posawerengera madzi, pambuyo pa shuga wamkulu wa mkaka ndi mafuta, chachitatu pa kuchuluka mu mkaka wanu ndi timikanda tating'ono ta shuga ta mitundu yopitirira 100, tomwe matumbo a mwana alibe enzaimu yotidulira. Chakudya chimenechi ndi cha Bifidobacterium infantis, bakiteriya amene ali ndi gulu lalikulu la majini loperekedwa ku ntchito imeneyi yokha, monga David Sela, David Mills ndi anzawo a ku University of California ku Davis anaonetsera mu 2008. Iye amameza timikandato tathunthu n'kutidulira m'kati: maenzaimu a GH29 ndi GH95 amachotsa shuga wa fukozi, ya GH33 imachotsa asidi wa sialic, ndipo ena amamaliza thunthu. Asidi amene amatulutsa amachititsa kuti m'matumbo a mwana mukhale mowawasa, momwe tizilombo tambiri totsekula m'mimba sitikula bwino. Timikanda tina timafanananso ndi shuga wa pa khoma la matumbo, motero tizilombo timakakamira pa ito n'kutuluka m'malo mokakamira pa khoma. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene achipatala amakuuzirani kuti muyamwitse mwakathithi miyezi 6.

Pambuyo pa miyezi imeneyo, zakudya zimene mwana amayamba kudya zimaitana mabakiteriya ena okhala ndi maenzaimu a faiba wa zomera, ndipo kafukufuku wa 2012 uja anapeza kuti kusinthaku kumatenga zaka 3 zoyambirira. Kusinthako kukasokonekera, mwana amavutika kukula. Mu 2013 Michelle Smith, Mark Manary, Gordon ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza atatsatira mapasa awiriawiri okwana 317 kuno ku Malawi. Pa mapasa ena mmodzi ankadwala matenda otupikana a kwashiorkor mnzake ali bwino, ngakhale kuti ankadya m'mbale imodzi. Mabakiteriya a mwana wodwala ataikidwa mu mbewa zopanda kachilombo kalikonse, zimene zinkadyetsedwa chakudya chonga cha m'midzi imeneyo, mbewazo zinaonda kwambiri; chiponde chinazithandiza, koma kwa kanthawi chabe. Potsatira zimenezi, Gordon pamodzi ndi Tahmeed Ahmed wa ku bungwe lofufuza za matenda la icddr,b ku Dhaka anakonza chakudya cholinga kudyetsa mabakiteriya oyenera, chopangidwa ndi ufa wa tchana, wa soya, wa mtedza ndi nthochi zosapsa. Pa ana 123 a miyezi 12 mpaka 18 a ku Mirpur ku Bangladesh, amene anadya chakudyachi kwa miyezi 3 anawonjezera thupi mofulumirapo kuposa amene anadya chakudya chothandizira cha masiku onse, ngakhale kuti chatsopanocho chinali ndi mphamvu zocheperapo. Atafufuza chifukwa chake, anapeza kuti mitundu iwiri ya Prevotella copri ndi imene inali ndi magulu a majini odulira faiba wa m'chakudyacho. Mwana wanu akakwanitsa miyezi 6, phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena ufa wa soya, ndi nthochi ndi masamba osinja, liyambe kulowa pang'onopang'ono, bere likupitirira mpaka zaka 2 kapena kuposerapo.